Pamwamba pa Tchanelo Fote

1.

Anandiuza ndi mwini wake, mayi Felesita Nachisale, pa Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza umasiyana ndi wa ku Lilongwe. Basi yathu inali itafa, ndipo ine poti matako anga sagwirizana ndi mpando, ndinayamba kuzungulira m'makonde mwa eni ake. Ndinawapeza akusenda mbatata za tchipisi. Pambali pa nyumba yawo panali mlongoti wa bulugamu, wofumbwa, wopanda kanthu kunsonga. Ndinafunsa ngati unali wa mbendera.

Anandiyang'ana, mpeni uli m'manja. Khalani pansi, agogo, anatero. Mwaiputa nokha.

2.

Masiku amenewo mafoni a m'manja kunalibe. Madalaivala a mathiraki opita ku Beira, ku Harare ndi ku Joni ankalankhulana pa wailesi za ovaova, zija umafinya maiki, kulankhula, n'kutaya kuti mnzako ayankhe. Matchanelo ololedwa ankalekezera pa fote, ndipo onse anali odzaza: Chishona, Chipwitikizi, Chizulu, kutukwana kwa mitundu yonse. Ndiye anyamata akwathu anapeza kobisala. Ankatsegulitsa wailesi m'mimba kuti ikwere kupitirira fote, kumene munthu sankaloledwa kufikako, ndipo kumeneko kunali Chichewa chokhachokha.

Wotsegulayo anali Elifala. Kale anali dalaivala naye, koma bondo linaphwanyika pa ngozi, nakhazikika pa Zalewa m'kashedi ka malata. Wosakwatira. Wosaseka. Kwa Felesita anali zinthu ziwiri: mlamu, poti anali mkulu wake wa Yotamu, mwamuna wa Felesita, komanso nkhoswe ya banja lawo, munthu woyenera kulichirikiza likamagwa.

3.

Yotamu anapita ku Durban ndi thiraki ya fodya. Thirakiyo inabwera ndi dalaivala wina. Akuti wapeza ntchito yabwino kumeneko, adzakutengani. Nthawi imeneyo mwana wawo Rute ankakwawa. Rute anaimirira, analankhula, anaguluka mano akutsogolo, anayamba sukulu.

Zimene Yotamu anasiya:
jekete lachikopa long'ambika m'khwapa,
lumo,
chithunzi ataima pachitseko cha thiraki, dzanja m'chiuno,
mwana,
mkazi.

4.

Pantchito Elifala anali waukali. Masana ena, Felesita akutula mbale ya chakudya pabenchi, kunabwera dalaivala wina wamimba, dzina lake Chiwembu, akudzitama.

Amisiri, wailesi yanga ndiye palibe ina. Lumikizani mita yanuyo muone nokha.

Mita ndi kabokosi kokhala ndi kamuvi. Kamuvi kakadzuka ndiye kuti mawu akubwerera m'wailesi, sakutuluka. Kakagona, amati atuluka. Elifala analumikiza, napotoza tchanelo kuyambira wani mpaka pamwamba penipeni. Kamuvi kali chigonere.

Mwaonatu, anatero Chiwembu.

Ndaona chitsiru, anatero Elifala. Eriyo, chitsulo chogwira mawu chija, ikakhala yamoyo imagonetsa kamuvi pamalo amodzi, pamene unaidulira. Ukasuntha, kamadzuka. Kakagona paliponse ndiye kuti chingwe chako chamwa madzi, chikumeza mawu onse, palibe otuluka, palibe obwerera. Iwe umawamva anzako, iwo sakumva. Wakhala ukucheza ndi chingwe, Chiwembu.

Nanga anzanga pa boda amandiyankha bwanji?

A pa boda ukhoza kuwaitana ndi pakamwa pomwe.

Anazula chingwe chakalecho, nayalula chatsopano pamsomali.

5.

Okutobala. Dzuwa likafika pamutu, mlengalenga mumatseguka, mawu akutali amagunda kumwamba n'kudzagwera pa Zalewa ngati mwini wake ali kuseri kwa nyumba. Elifala anali ndi wailesi yakeyake pabenchi, imene ankangomvetserapo. Inkangoti shiii. Kenaka munthu anaseka.

Mbale inagwa m'manja mwa Felesita.

Kuseka kwa Yotamu kunali kwake yekha, kokokera mpweya mkati ngati pampu ya njinga, ndipo dzina lake la pa wailesi linali Kabawi. Uyu ndi Kabawi, Kabawi ali pamsewu wa ku Joni, ndani ali kutsogoloko?

Wamoyo. Wokhuta. Akuseka.

Alamu, ndi iyeyo!

Ndamva.

Muyankheni!

Eriyo ili pamlongotiyo sinadulidwire tchanelo imeneyo. Ndikafinya ndiwotcha wailesi.

Ndiye iduleni. Mukudikira chiyani, mvula?

6.

Mvula anabwera nayo ndi a Simbota, malume ake a Felesita, nkhoswe ya kuchikazi. Anafika pa njinga kuchokera ku Lisungwi, ndipo madzi akumwa anawakana.

A Elifala, mwana wathu tinamupereka pachitengwa kuti akhale pabanja, osati azilondera jekete. Mng'ono wanu ali kuti?

Ndatuma madalaivala angapo. Ena ati sanamupeze, ena ati salinso pakampani ija.

Koma m'kabokosi kanuko akupezeka.

Akupezeka.

Ndiye mufunseni. Akanena ndi pakamwa pake kuti abwera, ife tidikira, si ife opasula mabanja. Koma mvula yobzalira ikagwa asanayankhe, mumusudzule mwana wathu. Nachisale, wamva?

Ndamva, amalume.

Felesita sankafuna kusudzulidwa. Sankadziwanso ngati akufunabe Yotamu. Ankafuna liwu limodzi lochokera m'kamwa mosekamo, loti ndibwera, kapena loti sindibwera, alimve ndi makutu ake.

7.

Tchanelo ikamakwera, eriyo imafupika, anatero Elifala. Timadula pang'ono, ngati chikhadabo. Ukadula wadula. Chitsulo sichiphukira.

Bondo lake silikanalola, choncho wotsitsa mlongoti anali Felesita. Kutsitsa, Elifala n'kumasula kachitsulo kowonda kakunsongako, sowo, tupa, kumanga, Felesita n'kudzutsa mlongoti ndi phewa, zingwe zomangira, kuthamangira m'shedi, kufinya, kuyang'ana, kugwedeza mutu, kutsitsanso, sowo, tupa, phewa kusupuka, thukuta m'maso, amayi ogulitsa tomato patsidya akufuula kuti Nachisale wayamba ntchito ya magetsi, iye kudzutsanso, mpaka tizidutswa ta chitsulo tinadzaza chivundikiro cha botolo.

Chingwe chinali chakale, chochotsa pa thiraki yogubuduka. Chinkatsika pamlongoti, n'kuyenda m'mphepete mwa malata momwe mumatsikira madzi, ndipo pakati chinali cholumikiza ndi tepi yakuda.

Bwanji osaika chatsopano chili pamsomalicho, alamu?

Icho n'cha makasitomala. Ichi n'cholimba, chachizungu. Taonani.

Anafinya. Kamuvi kanagona. Anapotoza tchanelo kumtunda, kumunsi, kumtundanso. Kali chigonere.

Mawu onse akutuluka, anatero. Kamuvi sikanama.

8.

Kabawi, Kabawi, uno ndi Zalewa. Yotamu, ndine mkulu wako. Yankha.

Shiii.

Kabawi, pano pali mkazi wako. Pali milandu ya banja. Yankha.

Shiii. Kenaka mawu a Yotamu, oyera ngati ali pakhomo, akuuza mnzake kuti asadye pa malo ena ake, nyama yake n'ngati tayala.

Watimva, alamu?

Ngati ife tikumumva, iye alephera bwanji? Taonani kamuvi.

Kali chigonere.

9.

Zimene Felesita anamva mwamuna wake akunena mwezi umenewo:
kuti apolisi abisala kuseri kwa mlatho,
kuti dizilo wa kumeneko ndi wosakaniza,
kuti msana ukumupweteka,
kuti timu yake yagonja chifukwa cha goloboyi,
kuti walakalaka chigwada chotendera,
kuti mtsikana wa pa sikelo ya mathiraki ali ndi mwendo,
kuti kwathu kukutentha muno muli bwino.

Zimene sananene:
Fele.
Rute.
Ndamva.

10.

Tsiku lina thiraki ya Chiwembu inaima panja, ndipo Felesita anati, alamu, bwanji tiyesere ya uyu? Chingwe chake n'chatsopano.

Elifala anaika sowo pansi.

Nkhani za banja la kwathu zituluke pa thiraki ya Chiwembu? Mawa boda yonse izidziwa. Eriyo yake ndi yofika m'chiuno, yathu ili pamlongoti. Mukundiyesa mwana pa ntchito yangayi?

Ayi, alamu.

Wosamva ndi Yotamu, osati wailesi.

Felesita anatuluka, nakamenya chidebe ndi phazi mpaka chinapindika.

11.

Mitambo itayamba kusonkhana ku mapiri a ku Neno, anatsomphola maiki m'manja mwa mlamu wake.

Iwe Yotamu, ndine Felesita, usanamizire kuti mawu anga waiwala, iwe amene unkandidikira pa mjigo wa ku Lisungwi uli ndi kabudula wazigamba ukununkha girisi, ndine yemwe uja ndinakuchapira maovololo mpaka zala kusupuka, yemwe uja ndinagoneka amayi ako m'manda iwe uli kotafuna nyama yonga tayala, Rute wafunsa ngati bambo ake ndi jekete lili pamsomali lija ndipo ndamuyankha kuti inde poti jeketelo limagona pakhomo, sindikupempha nsalu, sindikupempha sopo, sopo ndimagula ndekha ndi manja opsa ndi mafuta a tchipisi, ndikupempha liwu limodzi, ndibwera kapena sindibwera, ngati uli ndi mkazi wina mutchule dzina ndimupatse moni, ndimuuze kuti umaliza mkonono ndiponso kupha nkhuku umaopa, walakalaka chigwada eti, chigwada chili pano chikuuma, amalume atenga kale mbewu pa tsindwi, mitambo iyo, ukundimva, ndikudziwa kuti ukundimva, kamuvi aka kagona ngati mmene wagonera mtima wako, anzako onse ali pa tchanelo imeneyi amve kuti Kabawi si kabawi ndi khwangwala wotola za m'msewu, yankha, galu iwe, yankha

12.

Anataya maiki.

Shiii.

Pampu ya njinga ija. Kuseka, kwautali, kokokera mkati. Aaa, iwe ndiye undipha, anatero Yotamu kwa wina wake, kapena kwa Felesita.

Zalewa yense anali atamva: a tomato, okonza matayala, makondakitala, ana ochokera kusukulu, Rute pakati pawo atagwira thumba la mabuku. Palibe anaseka.

Mwamumva, alamu? Akundiseka.

Elifala anayang'ana pansi.

Ndamumva.

13.

A Simbota sanali munthu wongokhulupirira. Anabweranso, naimirira m'shedimo, chipewa chili kumutu.

Ndionetseni kuti kabokosi kanu kamalankhuladi.

Elifala anatuma dalaivala wina kuti akakhale mu thiraki yake patsidya pa msewu. Anafinya. Uno ndi Zalewa, ukundimva? Dalaivala uja anatulutsa mutu pawindo, nakweza chala chachikulu.

Nanga kamuviko?

Kakagona chonchi, mawu onse apita. Yang'anani nokha, a Simbota. Paliponse pamene ndingapotoze. Kamuvi sikanama.

A Simbota anawerama, nayang'anitsitsa ngati akuona mwana wodwala. Ndiye kuti wamva.

Wamva.

Ndipo wakana kuyankha nkhoswe yake, mkulu wake wobadwa naye bere limodzi. Munthu wotero ndi wa kwanu, a Elifala. Mumulere nokha.

14.

Inagwa Lachiwiri masana, yamphamvu, yonunkhira dothi. Felesita anaima pakhonde kuyang'ana madzi akutsika m'malata, akutsuka chingwe, akudontha pa tepi yakuda ija. Anthu ankathamangira makasu.

Anasudzulidwa pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe onse alipo. Jekete analitentha yekha. Chikopa chimanunkha chikamapsa, ndipo iye anaima pomwepo mpaka utsi unatha.

Ku Lisungwi sanapite msanga. Rute anali pasukulu, chiwaya cha tchipisi chinali pa Zalewa. Elifala anakonza denga lake lodontha. Anapangira Rute nyale ya batire. Anatsitsa eriyo pamlongoti, nati yatha ntchito, ndipo wailesi ya pabenchi sinayatsidwenso.

Anthu analankhula, monga anthu. Nkhoswe yadya mlandu wake womwe. A Simbota anakalipa, kenaka anati bola mwana akule m'manja mwa bambo ake aakulu. Felesita analeka kunena kuti alamu. Anayamba kunena kuti bambo.

Anali mwamuna wabwino, anandiuza, akubaya mbatata ndi mpeni. Sanandimenyepo. Sanagonepo kunja. Lembani zimenezo ngati mumalemba.

Sindilemba, mayi. Ndimangomva.

Za Yotamu palibe anamvanso.

15.

Elifala anamwalira Rute ali kale pabanja. Chingwe chija chinali chikadali padenga, ndipo tsiku lina Felesita anasowa poyanika zovala. Anachikoka, nachidula ndi mpeni pafupi ndi tepi.

Zimene zinatuluka:
madzi akuda,
fungo la chithaphwi,
ufa wobiriwira pamene panayenera kukhala waya wofiira,
mawu a Elifala mwini, a masana aja, akukalipira Chiwembu.

Kakagona paliponse. Iwe umawamva, iwo sakumva. Wakhala ukucheza ndi chingwe.

Anakhala pansi pa fumbi, chingwe chili pamiyendo, chikudontha. Galu iwe anali mmenemo. Khwangwala anali mmenemo. Rute, amayi ako, mitambo iyo, yankha, zonse zinali mmenemo, sizinapitirire patsidya pa msewu. Yotamu ankaseka nthabwala za mnzake. Mwina moyo wake wonse ankati kwathu anandiiwala.

16.

Anapita kumanda dzuwa likuswa mtengo, osapempha chilolezo kwa aliyense, chingwe atachipinda pawiri.

Alamu.

Anakwapula mtumbira.

Alamu, ndikuitana inu. Uno ndi Zalewa. Yankhani. Phewa langa munalisupula dala, munkandiona ndikudzutsa mlongoti ngati bulu, chatsopano chili pamsomali, inu mukudula chikhadabo, chikhadabo, nkhope ili gwa. Munandisiya nditukwane mwamuna wanga pamaso pa mwana wake, mukudziwa kuti ndikutukwana chingwe. Mukanangonena kuti Felesita ndikukufuna, pakamwa munali napo. Kamuvi sikanama, eti? Nanga ananama ndani?

Anakwapula mpaka dzanja linachita dzanzi. Mtumbira unali chigonere.

17.

Basi inalira hutala. Mayi aja anandikulungira tchipisi m'pepala, nati pitani, agogo, musaitaye m'njira nkhaniyi.

Ndaifotokoza m'malo ambiri, ndipo amisiri a wailesi amati n'zotheka, chingwe chovunda chimaterodi. Ena amati madziwo akhoza kukhala kuti analowa pambuyo, pa mvula zonse zimene chingwe chinakhala padenga. Izo sizindivuta. Za Elifala sindikayika, munthu uja ankadziwa chingwe ngati dzanja lake.

Chondivuta n'china. Ndisanakwere basi ndinawafunsa kuti mawu aja okalipira Chiwembu anawadziwa bwanji, onse, osaphonya ndi limodzi lomwe. Anati, ndinali pomwepo, ndikutula mbale. Ndiye kuti anawamva mlongoti usanatsitsidwe. Anaona ndi maso awo kamuvi katagona paliponse. Anafunsa za chingwe chatsopano kamodzi, za thiraki ya Chiwembu kamodzi, n'kusiya, pomwe mathiraki ankaima pa Zalewa tsiku lililonse ndipo mayi amenewa si oopa kugogoda chitseko cha munthu.

Ukali wawo ndinauona, ndi weniweni. Koma zoti anadziwira tsiku lodula chingwe, ine ndikukayika. Ndikuganiza kuti m'shedi muja munali anthu awiri oyang'ana kamuvi, ndipo onse awiri ankadziwa.